BOLODI LA NTHANO: MBIRI YA TUKADOLI KU MIGODI

Ku Kitwe ndi ku Ndola, ndi m'mizinda ina yonse ya ku Migodi, ana ali nalo dzina lao la zithunzi zoyenda zimene zimajambulidwa ndi manja. Amazicha tukadoli, ndiko kunena tizidole, pakuti Ciwemba ndico cinenero comveka m'makomboni onse a kumeneko. Ndipo ife amene makolo athu anacokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke tinalandira dzinali osafunsa mwini wace. Mwana akakhala pansi kupenya mphaka alikuthamangitsa khoswe pa wailesi ya kanema, amayesa kuti zinthuzo zingocitika zokha monga igwera mvula. Koma sikutero ai. Mphakayo asanayambe liwiro lace, panali munthu wina amene anakhala pansi ndi pensulo naganizira kuti mwanayo ayambe kuona ciani, atsirize ndi ciani, aseke pati, ndipo acite mantha pati.

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza mbiri ya nchito ya munthu ameneyo, ndi njira zosiyanasiyana zimene amisiri a maiko ena anaigwirira, ndiponso m'mene inatikhudzira ife a ku Migodi kuyambira masiku a agogo athu. Mbiriyi iri ndi phunziro kwa inu amene mwangotsiriza sukulu. Idzakuonetsani kuti kwa zaka zoposa 90 pafupifupi nthano zonse zimene ana athu anapenya zinandandalikidwa ndi alendo, cinkana zida zoyambira nchitoyi ndizo pepala ndi pensulo basi.

BAISIKOPO AFIKA M'KOMBONI

Njanji inafika ku Ndola m'caka ca 1909, koma migodi yaikuru ya mkuwa inatseguka pambuyo pace. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana mu 1932, ndi wa Mufulira mu 1933; ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa mu 1936 pambali pa Nkana. Amuna zikwi zambiri anasiya midzi yao nadza kudzafuna nchito, ena wapansi, ena pa sitima. Eni migodi anaona kuti khamu lotere likaweruka lisowa cocita, ndipo anaopa mowa ndi ndeu. Cifukwa cace, kuyambira mu 1928, migodi ikali kukumbidwa, anayamba kuonetsa baisikopo m'makomboni. Mafilimu oyamba anali kucokera ku Johannesburg, kumene mbusa wina wa ku America, Ray Phillips, anali atayamba kale kuwatumiza m'makomboni a migodi ya golidi.

Baisikopo anali kuonetsedwa panja, kutada, anthu atakhala mwaunyinji pabwalo. Mai wina wa ku America, Hortense Powdermaker, wophunzira za makhalidwe a anthu, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, nalemba zimene anaona m'buku lace lochedwa Copper Town, limene linasindikizidwa mu 1962. Iye anapeza kuti anthu anakonda koposa mafilimu a makauboi, ndipo ngwazi ya m'filimu iri yonse anaicha Jack, dzina lace lenileni likhale liti kapena liti. Tukadoli nato tinali pa ndandanda ya usiku umenewo pamodzi ndi zithunzi za nkhani za dziko. Openya sanali kukhala cete. Anali kufuula, kucenjeza Jack kuti mdani ali kumbuyo, ndi kumasulirana zocitikazo.

Agogo anga, amene anagwira nchito ku Nkana nakhala m'komboni ya Wusakile, ankanena kuti mau a Cizungu sanali kumveka konse cifukwa ca phokoso, ndipo ngakhale akadamveka, owadziwa anali owerengeka. Koma kukaca, ana anali kusimba nthano yonse kuyambira kumutu kufikira kumcira, namasewera mbali iri yonse pafumbi. Cizungu sanacimve, koma nthano anaimva, popeza zithunzi zace zinali zotsatana bwino.

Mafilimu a anthu akuru anali ndi bvuto lina. Cakumapeto kwa zaka za ma 1930 Boma la Atsamunda linaika bungwe lopenda mafilimu oonetsa kwa anthu akuda, ndipo bungwelo linali kudula ndi sizasi mbali zimene linaziyesa zoononga, monga zakuba, zacikondi, ndi zonyozetsa Mzungu. Motero nthano inali kudumpha: munthu amene anali kudya pagome, mwadzidzidzi alikuthawa m'chire, osadziwika comuthawitsa. Anthu akafunsana modabwa, Azungu ena anati munthu wakuda sadziwa kutsata nthano ya baisikopo, osakumbukira kuti anaidula ndi iwo omwe.

BOLODI LIBADWA KU AMERICA

Tsono tiyeni tisiye komboni pang'ono, tione kumene tukadoli tinali kucokera. Cithunzi ca baisikopo siciyenda konse. Makina amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ciri conse cosiyana pang'ono ndi cinzace, ndipo diso limanyengedwa. Amisiri ambiri amajambula zithunzi 12 pa sekondi naonetsa ciri conse kawiri. Motero mphindi imodzi ifuna zithunzi 720, ndipo kafilimu ka mphindi 7 kafuna zithunzi zoposa 5,000. Nthano ikapezeka yosakoma zithunzi zonsezi zitajambulidwa kale, ndiye kuti ndalama ndi miyezi zapita pacabe. Womanga nyumba wanzeru amayamba wayesa pansi ndi cingwe ndi zikhomo asanakumbe maziko. Nao ojambula anasowa cingwe ndi zikhomo zao.

Ku nyumba ya nchito ya Walt Disney ku California, kumene Mickey Mouse anachukira mu 1928, kunali mmisiri dzina lace Webb Smith. Iyeyu ndiye amene akumbukiridwa kuti anayamba kujambula mbali iri yonse ya nthano pa kapepala kacekace, nakhoma timapepalato pakhoma ndi mapini motsatana. Pambuyo pace anzace anakonza mabolodi akuru okhomapo timapepalato. Azungu amalicha storyboard. Ife tingaliche bolodi la nthano. Filimu yoyamba imene inandandalikidwa yonse mwa njira imeneyi ndiyo ya tiana titatu ta nkhumba, Three Little Pigs, ya 1933, patapita caka cimodzi cokha Nkana atayamba kuturutsa mkuwa.

Ubwino wa bolodi ndi wakuti nthano yonse imaoneka ndi diso limodzi, ndipo kapepala kakalakwika kamangozulidwa ndi kutayidwa popanda kutaya cuma. Kwa Disney mwini bolodi anali kuimirira ndi kandodo pamaso pa anzace, naloza cithunzi ndi cithunzi, alikuyankhula ngati nkhumba kapena ngati mmbulu. Anzacewo akapanda kuseka, kapepalako kanali kucotsedwa, wina naikapo kace. Akuru anati mutu umodzi susenza denga, ndipo njira ya Disney inali yotero: bolodi linali bwalo la anthu ambiri. Ndi njira yomweyi anakonza Snow White mu 1937, filimu yojambulidwa ndi manja yopitirira ora lathunthu.

Nanga bolodi limaweruza ziti? Limaweruza zitatu. Coyamba, mtunda: kodi mwana aone mudzi wonse ali patali, kapena aone diso lokha la fisi ali pafupi? Caciwiri, nthawi: kodi cithunzi cikhale masekondi angati? Cacitatu, katsatidwe. Taganizani za mlenje amene wachera msampha panjira ya fisi. Tikayamba kuonetsa msampha, kenaka fisi alikudza monyada, mwana amadziwa cimene fisi sadziwa, namadikira mtima uli m'mwamba. Koma tikaonetsa fisi yekha, mwadzidzidzi nakodwa, mwana amadzidzimuka naseka. Nthano ndi imodzi, zithunzi ndi zomwezo, koma mwini bolodi ndiye asankha cimene mwana adzamva mumtima.

ZIMENE ATSAMUNDA ANAGANIZA ZA MASO ATHU

Pamene a ku California anali kukhoma timapepala tao, ena anali kulingalira za mafilimu oyenera ife. Mu 1932 John Merle Davis, wotumidwa ndi bungwe la mamishoni la International Missionary Council, anayendera mizinda ya ku Migodi ndi anzace, ndipo mu 1933 anaturutsa buku lochedwa Modern Industry and the African. Iye anada nkhawa ndi mafilimu a ku America, nafuna kuti pakhale mafilimu ophunzitsa, ocitidwa ndi anthu akuda. Maganizo acewo anabala nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene anaitsogolera Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, amene kale anali mkuru wa maphunziro a anthu akuda m'dziko lino. Iwo anakhala ku Vugiri, ku Tanganyika, nakonza mafilimu 35 pakati pa 1935 ndi 1937, nazungulira nao pa galimoto kufikira ku Migodi ndi ku Nyasaland. Mau anali kumveka kucokera m'mbale za galamafoni, m'zinenero zingapo, Cinyanja ndi Ciwemba pakati pa izo.

Mafilimu amenewa sanali tukadoli, koma funso lace linali lomwe lija la mwini bolodi: zithunzi zitsatane bwanji? Yankho limene linamveka koposa linali la William Sellers, amene anagwira nchito ya zaumoyo ku Nigeria, natsogolera Colonial Film Unit ya ku London kuyambira mu 1939. Sellers anaphunzitsa kuti munthu wa kumudzi ali ndi maso osazolowera zithunzi. Cifukwa cace kamera isayendeyende, cithunzi ciri conse cikhalitse, pasakhale matsenga a kamera, ndipo nthano isadumphe nthawi. Munthu akaturuka m'nyumba kunka kudambo, aoneke alikuyenda njira yace. Azungu a nthawiyo ankakondanso kuuzana nkhani ya udzudzu umene unaonetsedwa waukuru pansaru, openya nati kwao kulibe malungo otere pakuti udzudzu wao ndi waung'ono. Nkhaniyi inasimbidwa m'maiko ambiri, wosimba ali yense naiika kwina. Ife amene tidziwa nthabwala za anthu athu tingathe kukaika ngati woyankhulayo sanali kungoseka mlendo.

Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, yotumikira Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland. Mkuru wace anali Alan Izod, ndipo wojambula wace m'dziko lino anali Louis Nell, amene anakonza Mulenga Goes to Town mu 1949, nthano ya mnyamata wa kumudzi wopusitsidwa m'tauni. Anthu akuda anali ocita sewero, omasulira ndi othandiza; koma kuganiza nthano ndi kuindandalika kunali m'manja mwa Azungu. Taonani tsono codabwitsa: ana omwewo amene anayesedwa osatha kutsata cithunzi cofulumira anali kuseka ndi kuomba m'manja popenya tukadoli ta ku America, m'mene nyama zimaphwanyika ndi kudzukanso m'kuphethira kwa diso.

Kutsidya kwa malire, ku Congo ya Abelgium, kunacitika cinthu coyenera kucikumbukira. M'zaka za ma 1950 wansembe wina, Alexandre Van den Heuvel, pamodzi ndi wojambula Roger Jamar, anakonza tukadoli tochedwa Les Palabres de Mboloko. Mboloko ndi kagwape kakang'ono kocenjera, kamene m'nthano za kumeneko kamagwira nchito ya Kalulu wathu. Nthano zinali za Afrika, koma pensulo inali ikali m'dzanja la mlendo.

WAILESI YA KANEMA IBWERETSA NJIRA ZATSOPANO

Mzinda woyamba m'dziko lino kukhala ndi wailesi ya kanema sunali Lusaka ai, koma Kitwe, m'caka ca 1961. Inali ya kampani, ndipo openya ace oyamba anali makamaka Azungu a m'migodi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, kanemayo anafika ku Lusaka, Boma nilimtenga m'manja mwace. Ndipo bungwe la ZNBC linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Pang'ono ndi pang'ono bokosi lija linalowa m'nyumba za anthu akuda. Ine ndikumbukira m'zaka za ma 1990 tikudzazana madzulo m'nyumba ya mnansi ku Chamboli, ena pazenera, kupenya Tom and Jerry ndi Scooby-Doo. Sitinadziwe kuti tukadoli tiwiriti, cinkana tinakhudzidwa ndi amisiri amodzimodzi, tinabadwa mwa njira ziwiri zosiyana.

William Hanna ndi Joseph Barbera anayamba Tom and Jerry mu 1940, akugwira nchito ku kampani ya MGM. Tinali tukadoli ta baisikopo, ta ndalama zambiri, m'mene mphaka ndi khoswe sayankhula koma thupi lonse limayenda, ndipo nthano yonse inali pa zithunzi. Mu 1957 kampaniyo inatseka nyumba yace ya tukadoli, awiriwo natembenukira ku wailesi ya kanema. Kumeneko kunafunika nthano yatsopano mlungu uli wonse, koma ndalama zinali zocepa kwambiri: pa The Ruff and Reddy Show ya 1957 analandira madola osakwana 3,000 pa mphindi zisanu. Cifukwa cace anasintha bolodi. Anaika zithunzi zambiri za mutu ndi mapewa okha, kuti pakamwa pokha paziyenda. Cimbalangondo cao Yogi Bear, ca 1958, anacibveka kolala ndi tayi kuti mutu uzijambulidwa paokha thupi liri ciimire. Munthu akathamanga, mtengo womwewo ndi nyumba yomweyo zinali kubwerabwera kumbuyo kwace. Mbale ikagwa, phokoso linali kumveka koma kugwako osaoneka. Nthano inasamuka kucoka m'zithunzi kunka m'mau, kotero kuti mmisiri wina wochuka, Chuck Jones, anatonza tukadoli totere kuti ndi wailesi wamba yokhala ndi zithunzi.

Kusinthaku kunatikhudza ife koposa ana a ku America. Tom and Jerry anamveka kwa mwana ali yense wa ku Wusakile, ngakhale wosayamba sukulu. Koma tukadoli todalira mau tinafuna Cizungu, ndipo mwana wa m'komboni anatsala ndi theka la nthano, mnzace wa ku Parklands alikuseka.

Ku Japan nako kunali umphawi womwewo wa ndalama, koma anauthetsa mwa njira yao. Osamu Tezuka anayamba kuonetsa Astro Boy pa wailesi ya kanema pa 1 January 1963, nthano ya theka la ora mlungu uli wonse. Amisiri a ku Japan sakhoma timapepala pakhoma. Bolodi lao, limene amalicha e-konte, ndi mapepala olembedwa mizere yotsika ngati kaundula wa kalaliki: mzere wa nambala, wa cithunzi, wa zocitika, wa mau, ndi wa masekondi. Kawirikawiri amalijambula munthu mmodzi, ndipo amisiri ena amatsata monga alembera. Posowa zithunzi zambiri, iwo anaphunzira kuimika nkhope imodzi nthawi yaitali, kamera iri kusendera pang'onopang'ono, kuti wopenya alowe mumtima mwa munthuyo. Cimene cinayamba cifukwa ca kusowa cinasanduka luso, ndipo Hayao Miyazaki, mmisiri wao wamkuru, amajambula yekha mapepala otere, amene pambuyo pace amasindikizidwa ngati mabuku.

MAU PATSOGOLO KAPENA ZITHUNZI PATSOGOLO

Kufikira lero amisiri a tukadoli ta ana agawanika pawiri. Ena amati mlembi ayambe walemba mau onse, wojambula bolodi nangowabveka zithunzi. Njira imeneyi isunga nthawi ndi ndalama, ndipo eni kampani amadziwiratu cimene agula. Ena amati wojambula apatsidwe mutu wa nthano wokha, pa tsamba limodzi kapena awiri, ndipo mau ndi nthabwala azipeze iye mwini pojambula. SpongeBob SquarePants, imene anaiyamba Stephen Hillenburg mu 1999, inakonzedwa motero m'zaka zace zoyamba. Comweconso Adventure Time ya Pendleton Ward, ya 2010, m'mene ojambula anali kugwira awiriawiri. Njira yaciwiriyi imabala zoseketsa za maso zimene mlembi sakanaziganiza, koma ifuna wojambula amene alinso wodziwa kusimba.

Palinso njira ya tiana tating'ono. Mu Blue's Clues ya 1996 ndi Dora the Explorer ya 2000, wa m'kanema amafunsa funso, napenya mwana, nakhala cete masekondi angapo kuti mwanayo ayankhe. Kukhala ceteko kumalembedwa pa bolodi ndi kuyesedwa nthawi yace monga cithunzi cina ciri conse. A ku America anafika pa nzeru imeneyi atafufuza m'mene ana amapenyera. Koma kodi si comweco cimene agogo athu anali kucita pamoto? Wosimba akati "Padangokhala," anali kuima kufikira ana atayankha kuti "Tiri tonse," ndipo pakati pa nthano anali kuyambitsa nyimbo kuti onse abvomere. Mai wosimba nthano amadziwa pofulumira ndi pozengereza, pokweza mau ndi ponong'ona, pobisa msampha ndi pouonetsa. Nzeru za bolodi tinali nazo kale. Cimene tinasowa ndico kuziika papepala.

PENSULO IFIKA M'MANJA MWATHU

Sitinganene kuti ku Migodi kunalibe ojambula. Ku Mindolo, m'mzinda wa Kitwe, kunali sukulu ya Africa Literature Centre, imene kuyambira cakumapeto kwa zaka za ma 1950 inaphunzitsa olemba nkhani, ndipo pambuyo pace ojambula zithunzi za m'mabuku, ocokera m'maiko ambiri a Afrika. Mu 1971 Unduna wa Maphunziro unayamba magazini ya ana yochedwa Orbit, m'mene munali nthano za zithunzi zotsatana m'timabokosi, anthu ace ali Azambia. Nthano zotere ndi abale eni eni a bolodi la nthano. Koma kuyendetsa zithunzizo kunafuna makina ndi ndalama zimene sizinalipo, ndipo kugula tukadoli takunja kunali kochipa koposa kukonza tathu.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi kompyuta ndi intaneti. Mu 2015 kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inaitana olemba nthano a mu Afrika yense ku mpikisano, ndipo mmodzi wa osankhidwa anali mai wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Iye ananena kuti paubwana wace anali kupenya tukadoli nadabwa kuti palibe ngwazi yofanana naye. Nthano yace, ya atsikana anai a sukulu amene apulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo motsogozedwa ndi mai wacikulire Mama K, inayamba kuonetsedwa pa Netflix pa 20 July 2023, pa dzina lakuti Supa Team 4. Olemba ace anali akazi a mu Afrika. Maonekedwe a atsikanawo anawajambula Malcolm Wope wa ku Cameroon. Ndipo nyimbo yace yotsegulira anaiimba Sampa the Great, amene anabadwira ku Ndola. Kucokera pa baisikopo woyamba wa m'komboni kufikira tsiku limenelo panapita zaka 95.

Tiyenera kukondwera, koma tisadzinyenge. Nchito yaikuru yokonza Supa Team 4 inacitikira kunja kwa Zambia, m'manja mwa Triggerfish ndi kampani ya CAKE ya ku London, ndipo atsikanawo amayankhula Cizungu. Mwana wa ku Chifubu kapena ku Chimwemwe amene kwao kulibe intaneti akali kudikira Kalulu woyankhula cinenero ca amace.

MAU KWA OTSIRIZA SUKULU

Ambiri a inu mulikufunafuna nchito, ndipo mudziwa kuti migodi silemba anthu monga inalembera agogo athu. Sindikulonjezani kuti kujambula kudzakulemeretsani msanga. Koma mbiri imene ndafotokozayi ionetsa kuti ulamuliro wa nthano uli pa bolodi, ndi kuti bolodi ndilo mbali yochipa koposa ya nchito yonse. Webb Smith anayamba ndi timapepala ndi mapini. Hanna, Barbera ndi Tezuka anasowa ndalama, napeza njira m'kusowa momwemo. Wojambula bolodi safunikira kujambula mokongola. Afunikira kujambula momveka.

Yesani motere. Tengani nthano ya Kalulu amene anakana kukumba citsime m'caka ca cilala, ndi timapepala 12. Pa koyamba jambulani dziko louma liri patali, nyama zitasonkhana. Pa kaciwiri, nyama zirikukumba, Kalulu ali gone pamthunzi. Mukafika pamene Kalulu anyenga mlonda ndi uci, ganizani ngati muonetse cingwe cimene wabisa kumbuyo, kapena mucibise kwa mwana monga wacibisira mlondayo. Mukafika pamene Fulu abisala m'madzi, weruzani ngati mwana amuone Fuluyo Kalulu asanaponde. Pansi pa kapepala kali konse lembani masekondi ace. Mukatsiriza, khomani timapepalato pakhoma, muitane ang'ono anu, ndipo musayankhule kanthu. Akatha kukusimbirani nthano yonse, monga ana a ku Wusakile anali kusimbira m'mawa atapenya baisikopo, bolodi lanu liri bwino. Akasokonezeka, musawanene kuti ndi opusa, monga ananenedwera agogo athu. Zulani kapepala kolakwako, mujambule kena.